Mayi anga sanaionepo nyanja, tiwapititse kuti kuchokera kuno ku Kasungu?

NaBanda_waKwaChulu

Moni nonse abale anga, ndithandizeni nzeru. Bambo ndi mayi akukwanitsa zaka 40 ali m'banja mu Ogasiti muno nde ife ana, tilipo anayi, takhala tikusonkherana kuyambira chaka chatha mpaka zafika 1.4 miliyoni kwacha. Poyamba timafuna phwando koma tasintha maganizo. Mayi ali ndi zaka 63 ndipo nyanja sanaionepo ndi maso, anabadwira kwa Chulu nkukwatiwa komweko, kutali komwe anafikako ndi ku Lilongwe basi, kuchipatala. Mwezi wathawu mwana wanga amawaonetsa kavidiyo pafoni ka asodzi akukoka khoka, anakatenga foni ija nkuiyandikitsa kumaso, anafunsa kuti nanga tsidya lake lili kuti, mwana nkuwauza kuti agogo silioneka. Anakhala chete kanthawi kenako akuti koma ndikanakonda ndikaione ndisanafe. Mawu amenewo sakundichoka mumtima.

Vuto langa ndi ili, ndafufuza pa Facebook ndi pa intaneti malo ogona a m'mbali mwa nyanja, ena a pazilumba ngati Mumbo, Nankoma ndi Likoma, koma mitengo yambiri ili m'madola ndipo pazithunzi ndi azungu okhaokha mpaka ndikudzifunsa kuti kodi malowa munthu ngati mayi anga ovala chitenje ndi duku akawalandira bwino? Achimwene anga aakulu akukakamira kuti tiphatikizepo kampu ya nyama, ku Liwonde kapena ku Mfuwe ku Zambia, koma bambo akana kwamtuwagalu akuti njovu anaziona kale usiku zikutha chimanga chawo chaka chathachi. Tili ndi masiku anayi, galimoto ndi ya achimwene, tikhala anthu asanu. Amene munapitako ndiuzeni zoona, kwabwino nkuti kwa anthu achikulire ndipo ndalamayi ikwana?

Dalaivala_M18

Achemwali choyamba zikomo chifukwa choganizira makolo, ambiri timakumbuka mochedwa.

Musavutike nkupita kutali, nyanja yanu yapafupi ndi Nkhotakota. Ine nsewu umenewu ndauyenda zaka zambiri ndi minibasi. Kuchoka pa boma la Kasungu mulowe M18 kudutsa Mtunthama pa Kamuzu Academy paja, Malomo, kenako mumalowa m'nkhalango ya Nkhotakota nkumatsika phiri, onse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 130. Mukanyamuka mamawa nkhomaliro mukadyera kunyanja. Ndipo chimene ndimakonda pa nsewu umenewu, mukamatsika chakumapeto kwa nkhalango pali malo ena mitengo imatseguka nde nyanja imaonekera patali ngati chitsulo chonyezimira, ndanyamulapo agogo ambiri amaganiza kuti ndi mtambo. Mayi muwakhazike kutsogolo.

M'nkhalangomo musamaime chisawawa kapena kutsika kukadzithandiza, muli njovu zambiri tsopano, zija anazibweretsa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017 zinali zoposa 500. Komanso muli ntchentche za kashembe zija zoluma ngati jakisoni, zimakonda zovala zakuda ndi zabuluu, magalasi azikhala otseka. Mafuta thirani fulu konkuno mukawapeza, osadalira kuti mukathira kutsogolo, mukudziwa mmene zimakhalira masiku ano.

Koma chinthu chimodzi, Ogasiti ndi nthawi ya mwera. Mphepo imeneyi imaomba kuchokera kummwera kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nyanja imalusa, mafunde aakulu, mmawa kumazizira ndipo asodzi enieniwo masiku ena salowa. Kuiona chabe palibe vuto koma ngati mukufuna akwereko boti kapena aviike miyendo mosaopa, kankhirani ulendo kumapeto kwa Seputembala kapena koyambirira kwa Okutobala, madzi amakhala bata ngati m'beseni. Mukachedwanso kwambiri kutentha kwa Novembala kunyanja anthu a kumtunda kuno sitikupirira.

Za mitengo ya madola zisakuopseni. Imbani foni, yankhulani Chichewa, funsani kuti mtengo wa Amalawi ndi zingati. Maloji ambiri ali ndi mitengo iwiri kungoti pa intaneti amaika ya alendo akunja. Funsaninso ngati chakudya cham'mawa chili momwemo ndipo mukatumiza dipoziti akupatseni umboni wolemba. Kummwera kwa boma la Nkhotakota kuli maloji angapo a pamchenga penipeni, Nkhotakota Pottery ndi imodzi mwa zodziwika, chakumpoto kufupi ndi Dwangwa kuli Ngala. Muwafunse kaye kuti gombe lili bwanji chifukwa mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri malo ena mchenga unamira.

Bambo ngati amakonda mbiri muwapititse pa mtengo wa mkuyu uja pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe pa nkhani ya malonda a akapolo, uli pa boma pomwepo. Ndipo pa Chia pa mlatho paja nsomba zimagulitsidwa zikadali zaziwisi, ndi mpunga wa konko mayi akaiwala usipa wouma wa pa msika wa Kasungu.

NaPhiri_Kamwendo

Mchemwali wanga ndikuyankheni pa za zilumbazo chifukwa ndinagwirapo ntchito zaka zitatu pa loji ina ku Cape Maclear ndisanabwerere kuno ku Mchinji, ndimayala mabedi kenako anandiika ku risepishoni.

Mumbo ndi kokongola, sindingakunamizeni, madzi ake mumaona pansi mwala uliwonse. Koma si malo a mayi a zaka 63 amene sanakwerepo boti. Chilumbachi chili pamtunda wa makilomita ngati 10 kuchokera ku Chembe, mudzi wa pa Cape Maclear, pachilumbapo palibe mudzi, palibe magetsi a ESCOM, mogona anamanga pamwamba pa miyala ikuluikulu nde mumayenda pa timilatho tamatabwa, kusamba ndi ndowa yopachika m'mwamba. Azungu amalipira ndalama zambiri chifukwa cha zimenezozo, kwawo alibe mdima ndi chete, koma mayi anu akhala moyo wawo wonse ndi koloboyi ndi ndowa, chimene chingawasangalatse ndi shawa yotentha, bedi lofewa ndi munthu wina kuwaphikira kamodzi m'moyo. Ndikunena izi chifukwa ndinawatengako mayi anga omwe ndipo chimene amakamba mpaka lero si nyanja ayi, ndi mnyamata amene anawabweretsera tiyi pakhonde nkuwagwadira.

Komanso musaganize kuti a pazilumba amangokuba. Chilichonse pachilumba chimabwera pa boti, tomato, gasi, madzi akumwa, nsalu zochapa, antchito, ngakhale zinyalala amazibweza kumtunda chifukwa zilumba ngati Mumbo ndi Nankoma zili mu Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mafuta a injini akakwera chilichonse chimakwera, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 amene amawerengera m'madola mitengo yawo kwa ife inangolumpha usiku umodzi. Ndi anthu asanu 1.4 yanuyo pachilumba siipita patali. Nankoma ndi chapafupi, boti lake limanyamukira ku Senga Bay ku Salima ndipo pali loji ya Blue Zebra, ngati mtima uli pachilumba ndithu afunseni ngati amalandira anthu ongobwera masana nkubwerera.

Njira ya ife ndi iyi, mumagona kumtunda pa loji yotsika mtengo nde masana mumachita haya boti. Ku Cape anyamata a maboti amakupititsani ku chilumba cha Thumbi, pafupi pomwepo, mumaponya nyenyeswa za buledi m'madzi tinsomba ta mbuna tabuluu ndi tachikasu timabwera mpaka kukujomphani zala. Kenako woyendetsa amaimba likhweru nkuponya kansomba, nkhwazi imachoka mumtengo kutali uko nkudzakawakha pamadzi pafupi nanu mpaka mumamva mphepo ya mapiko. Ndaona zimenezi kambirimbiri koma sizinanditopetsepo. Kungoti Cape kuchokera ku Kasungu nkutali, mudutse Lilongwe kapena Salima, Golomoti, njira ya Monkey Bay, tsiku lathunthu panjira kupita lina kubwera, pa masiku anayi atsala awiri. Nde ndikugwirizana ndi adalaivala, kwa chaka chino Nkhotakota kapena Senga Bay.

Kulikonse mungapite, boti lopanda majaketi oyandamitsa musakwere olo atsitse mtengo bwanji. Neti pabedi muione musanalipire, udzudzu wa kunyanja si wamasewera. Ndipo likodzo liliko makamaka malo a bango ndi madzi osayenda pafupi ndi midzi, mukabwerako pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo pitani kuchipatala mukafotokoze kuti munasamba m'nyanja, mankhwala ake ndi praziquantel.

Funso lanu lija loti akawalandira bwino, ndiyankhe mosabisa. Malo ambiri inde, antchito ndi ana athu omwe ndipo akaona agogo amasangalala. Koma alipo ena oipa. Ine ndemwe tsiku lina ndili pa holide ndinapita ndi amuna anga pa loji ina, sinditchula dzina, mlonda pageti anatifunsa kuti mukufuna ndani, pomwe galimoto ya azungu kumbuyo kwathu anaitsegulira osafunsa kanthu. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ntchito imeneyi ndimaidziwa. Chothandiza nkubukitsa kale, dzina lanu likhale m'buku, mukafika pageti mungoti tili ndi zipinda. Ndipo mayi avale chitenje chawo chabwino chija, asasinthe kanthu.

Chimwene_waMkanda

Ine ndiimirako kumbali ya achimwene anuwo pang'ono. Anthu akuno timaiwala kuti malo amodzi otchuka kwambiri a nyama mu Africa muno tili nawo pakhomo. Kuchoka pa Mchinji boma kufika pa boda ya Mwami ndi kamtunda kochepa, Chipata ili pompo, kuchoka Chipata kukafika Mfuwe ndi makilomita ngati 130 pa tala. Amalawi ku Zambia sitifuna viza, pasipoti basi, ndipo chiyankhulo nchomwechi, amene mumapita ku Kulamba ku Mkaika mukudziwa. Paki ya South Luangwa, imene geti lake lili pa Mfuwe pomwepo, ndi yaikulu masikweya kilomita oposa 9,000, mvuu mumtsinje wa Luangwa zimachita kuunjikana nthawi ya chilimwe, kuli akadyansonga a mtundu wa Thornicroft amene sapezeka kwina kulikonse padziko, ndipo amalola kuyenda usiku ndi tochi yaikulu nde kambuku mumamuona ndithu, ife tinamuona ali pa nthambi mchira uli lende. Makampu a nyama amene tikuwaona lerowa mbali ina anayambira konko, mu 1950 mzungu wina dzina lake Norman Carr anagwirizana ndi mfumu Nsefu kupatula malo nkumanga kampu yoti alendo azilipira kuona nyama m'malo mozipha, ndalama zina nkumapita kwa anthu a mfumuyo.

Makampu a mkati mwa paki ndi a madola ambiri, amenewo aiwaleni, koma kunja kwa geti m'mbali mwa mtsinje kuli ena a matenti ndi timanyumba totsikirako mtengo. Kungoti muwerengere zolowera m'paki tsiku lililonse, galimoto ya gaidi, mapepala ndi inshuwalansi ya galimoto yanu pa boda, komanso ngati makolo alibe mapasipoti ndi nkhani ina. Ndikaphatikiza zonse ndikuvomera kuti pa bajeti yanuyo nyanja ndi Mfuwe limodzi sizitheka. Koma achimwenewo asataye mtima, adzapite ndi ana chaka china.

Mphunzitsi_Wopuma

Mwana wanga NaBanda, ine ndi wamkulu ngati bambo akowo, ndinaphunzitsa zaka zambiri m'sukulu za kufupi ndi paki ndipo ndikupempha kuti muwamvere. Munthu amene wagona kumunda ndi tochi ndi chitini akuimba usiku wonse kuthamangitsa njovu, mmawa nkupeza mapesi okhaokha, simungamuuze kuti akwere galimoto yopanda denga akazijambule. Kwa mlendo njovu ndi chithunzi, kwa ife a m'malire ndi nkhokwe yopanda kanthu. Sindikudana ndi nyama ayi. Ndikukumbuka paki yathu ya Kasungu ili ndi njovu zambirimbiri pa damu la Lifupa madzulo, ndinkapititsako ana a sukulu, kenako opha nyama mozemba anazitha mpaka cha m'ma 2015 zinatsala ngati 50 zokha, ndipo zinkandimvetsa chisoni kuona paki yachiwiri kukula m'Malawi muno ili zii. Mu 2022 anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde, pakiyo inadzukanso, koma anthu a m'mbali, kuno ndi tsidya la Zambia lomwe, akumana nazo, minda yawonongeka ndipo miyoyo ina yatayika. Zonse ziwirizi ndi zoona nthawi imodzi. Inu achinyamata mukapita ku Lifupa kapena ku Tongole ndi Bua River Lodge m'nkhalango ya Nkhotakota, pitani ndithu, ndi chuma chathu, koma muzifunsa eni malowo kuti mwa antchito awo angati ndi a m'midzi yozungulira ndipo ndiwo zamasamba amagula kwa ndani. Akamafunsidwa ndi Amalawi olipira amamva.

Tsopano za Likoma poti mwaitchula. Ndinapitako kamodzi pa Ilala ndipo sindidzaiwala. Sitima imeneyi inapangidwa ku Scotland, anaibweretsa zidutswazidutswa nkuilumikiza kuno, yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951. Tinakwerera ku Nkhata Bay usiku, pansi podzaza matumba a ufa, malata, nkhuku, amayi ndi ana atagona pa katundu wawo. Kutacha ndinaona milambe ikuluikulu pachilumba ndi mapiri a Mozambique pafupi kwambiri, chifukwa Likoma ndi Chizumulu ndi zathu koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Nthawi imene ndinapita ine sitima inkaima patali, timatsika pa makwerero kulowa m'maboti ang'onoang'ono anthu akukankhana, kenako kuvuula m'madzi ofika m'ntchafu chikwama chili pamutu. Ndinali ndi zaka 50 koma ndinanjenjemera. Tchalitchi cha St Peter's cha Anglican, chimene anayamba kumanga mu 1903, ukalowamo umadabwa kuti nyumba yaikulu chonchi inamangidwa bwanji pakachilumba kakang'ono, ndinakhala pa benchi kumvera kwaya ikuphunzira nyimbo mpaka dzuwa kupendeka. Kuli malo apamwamba ngati Kaya Mawa komwe alendo ambiri amafika pa ndege, kulinso ena otsika ngati Mango Drift ndi maresiti a pa Mbamba. Koma Ilala imadutsa kamodzi pa sabata kupita kumpoto kamodzi kubwerera, ndipo ikachedwa yachedwa, masiku anayi sakwana. Mayi ako ayambe aizolowera nyanja ali pamchenga.

Chinanso chimene bambo ako angakonde, poti ndi mlimi. Mtsinje wa Bua umene timawoloka tikamapita ku Lilongwe, umene umayambira ku Mchinji, ndi womwewo umakathira m'nyanja kumpoto kwa boma la Nkhotakota, ndipo nsomba ya mpasa imachoka m'nyanja kukwera mtsinje umenewu kukaswana. Mukamadutsa pa mlatho wa Bua pa nsewu wa M5 muime, muwauze kuti madzi awa adutsa kwathu. Mudzaona mmene adzayang'anire.

NaPhiri_Kamwendo

Abambo mwanena zoona pa za antchito. Ndiwonjezere kuti kabokosi ka tipi kamene kamakhala pa risepishoni kamagawidwa kwa onse mpaka ochapa ndi alonda amene simuwaona, nde olo kangachepe ponyanimo. Ndipo mchemwali, pobukitsa nenani kuti mukubwera ndi achikulire, akupatseni chipinda chapansi chopanda masitepe chapafupi ndi podyera, komanso muwauziretu kuti madzulo mukufuna nsima ya chambo kapena kampango, malo ena ukapanda kunena amangokupatsa tchipisi.

NaBanda_waKwaChulu

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri kawiri ndipo ndawatumizira achimwene pa WhatsApp. Tagwirizana kuti pa tsiku lenilenilo mu Ogasiti tingopita kutchalitchi nkudya limodzi pakhomo, ulendo tiwukankhire sabata yomaliza ya Seputembala. Tipita ku Nkhotakota pa M18, mausiku atatu. Ndaimba malo awiri lero mmawa monga munanenera adalaivala, ndinayamba ndi Chichewa nkufunsa mtengo wa Amalawi, ndipo zoonadi ndi wosiyana ndi wa pa intaneti uja, malo amodzi mtsikana wake nditamuuza kuti mayi sanaionepo nyanja anati abwere agogo tidzawapatsa chipinda choyang'ana kotulukira dzuwa. Za Mfuwe achimwene avomera kuti adzapita ndi ana awo patsogolo.

Bambo ndawauza za Bua dzulo madzulo, anafunsa kawiri kuti Bua yemweyu, kenako akuti ndiye tikaime pa mlathopo. Mayi sitinawauze tsiku koma aona kuti tikunong'onezana, ayamba kale kufunsa ngati chitenje chawo cha Mvano chingachite kapena agule china.

Adalaivala funso limodzi lotsala, galimoto ya achimwene ndi yaing'ono yotsika pansi, nsewu wa m'nkhalangomo panopa uli bwanji, ingadutse tili asanu ndi zikwama?

Dalaivala_M18

Idutsa achemwali nthawi ya chilimwe palibe vuto, kungoyenda pang'onopang'ono pamene pali maenje ndi potsika phiri, giya yaing'ono osangodalira mabuleki. Tayala la sipeya likhale ndi mpweya ndipo jeke muione musananyamuke chifukwa m'nkhalangomo netiweki imasowa malo ambiri. Nyamukani 6 koloko mmawa, pobwerera musalowemo kukada. Sabata imeneyo ikayandikira mundikumbutse pano ndidzakuuzeni mmene nsewu ulili.